Ndikachira, kodi luso langa lithera pomwepo?

Uthenga uwu wachokera kwa mnyamata wina wa cha ku Monkey Bay. Ndaufupikitsa, komanso ndachotsamo zina zoti anthu angamudziwire.

"Adokotala, ine ndili ndi zaka 27, ndimajambula zithunzi za penti n'kumagulitsa kwa alendo obwera kunyanja kuno, komanso ndimapeka nyimbo pa gitala. Mayi anga anamwalira zaka zitatu zapitazo ndipo chiyambire pamenepo mutu wanga sunakhazikikenso. Nthawi zina ndimatha masiku anayi kapena asanu osagona, usiku wonse ndili pa kanivasi, nyimbo zikungobwera zokha, ndikumadzimva ngati Malawi muno mulibe wondiposa. Kenako ndimagwa, mwezi wathunthu ndili m'nyumba, osasamba, bulashi osaigwira n'komwe. Achemwali anga ananditengera kuchipatala, anandipatsa mankhwala, koma ndikamwa ndimangokhala ngati chipika, manja kunjenjemera, tulo tokhatokha. Ndinasiya kumwa. Anzanga akuti akatswiri onse otchuka anali ozungulira mutu, ndiye ndikachira luso lithanso. Ndipo n'zoona nyimbo zanga zabwino ndinapeka ndikulira mayi anga. Kodi luso limachokeradi m'mavuto? Ndisankhe chiti, kuchira kapena luso?"

Achimwene, pepani kwambiri ndi imfa ya mayi. Zaka zitatu si zambiri ayi, asakunamizeni anthu kuti munayenera kuiwala pofika pano. Ndipo mwachita bwino kufunsa, chifukwa funso limeneli ndalimva kambirimbiri pa zaka zonse zomwe ndakhala ndikuona odwala matenda a m'maganizo kuno kunyanja, kuchokera kwa oimba kwaya, osema ziboliboli, anyamata a madrama, mpaka mayi wina wosoka zovala amene ankati masitayilo ake abwino amabwera akakhala kuti sakugona. Ambiri safunsa, amangosiya mankhwala mwakachetechete n'kudzabweranso atamangidwa zingwe pa lole. Ndiye ndiyambe ndi yankho lalifupi kuti mtima ukhale m'malo: palibe chosankha apa. Luso ndi lanu, si la matendawo. Koma zomwe mankhwala aja anakuchitani ndi zenizeni, sindikutsutsani, ndipo tikambirana bwinobwino kutsogoloku.

Anzanuwo sakunama kotheratu, ndipo sindikufuna ndikupusitseni ngati mwana. Maganizo akuti anthu aluso amakhala ndi kena kake m'mutu ndi akalekale, Agiriki ankafunsana kale funso limeneli zaka zoposa 2,000 zapitazo. Kwathu kunonso timati wamisala anaona nkhondo, kutanthauza kuti munthu amene anthu amamuyesa wosokonekera pena amaona chimene anzake sakuchiona. Ofufuza anayesapo kuwerengera. Mu 1987 dokotala wina wa ku America, Nancy Andreasen, anafalitsa zomwe anapeza atafunsa alembi 30 a pa sukulu yotchuka ya zolembalemba ku Iowa, ndipo 80 peresenti ya iwo anali atadwalapo dipuleshoni (nthenda ya kukhumudwa kwambiri kwa nthawi yaitali) kapena matenda ofanana nayo, pomwe mwa anthu ena amene anawayerekeza nawo anali 30 peresenti basi. Nambala yochititsa mantha eti? Koma anthu 30 ndi ochepa, sangadzaze n'komwe minibasi ziwiri zopita ku Liwonde. Kafukufuku amene ine ndimamukhulupirira kwambiri ndi wa ku Sweden, wa Simon Kyaga ndi anzake a pa sukulu ya udokotala ya Karolinska, anatuluka mu 2013, iwo anayang'ana zolembedwa za odwala pafupifupi 1.2 miliyoni pamodzi ndi abale awo. Anapeza kuti anthu a ntchito zaluso, tikawaphatikiza onse, sadwala matenda a m'maganizo kuposa anthu ena ayi, kupatula nthenda imodzi yotchedwa bipolar, ya maganizo okwera kwambiri kenako n'kugwa, imene imapezekako mochulukirapo pang'ono. Alembi a mabuku okha ndi amene anaoneka kuti ali pamoto, ankadwala zambiri ndiponso kudzipha kunali kokwera ndi pafupifupi 50 peresenti. Koma chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi: makolo ndi abale a odwala aja, amene iwowo sanadwale, ndi amene ankapezeka ochuluka m'ntchito zaluso. Mwaona pamenepo? Zikuoneka kuti m'magazi muli kanthu kamene kamapangitsa ubongo kulumikiza zinthu mwachangu komanso mwachilendo, kakakhala pang'ono n'kothandiza, kakasefukira n'kumene timati matenda, ndipo matendawo ndiye amaononga ntchito.

China chimene anzanuwo sakuwerengera n'chakuti timangomva za amene anatchuka. Ine ndaona anthu mazanamazana odwala bipolar ndi dipuleshoni, asodzi, aphunzitsi, a kabaza, azimayi a geni ya usipa, ndipo matendawo sanapatse ngakhale mmodzi luso limene analibe kale. Sindinaonepo munthu wosadziwa kugwira gitala akudwala n'kudzuka akuimba. Chimene ndaona ndi maukwati kutha, maboti kugulitsidwa mtengo wa nkhuku, ana kusiya sukulu. Amenewo palibe amawalemba pa Facebook.

Tiyeni titenge munthu amene anzanuwo mwina amamutchula, Vincent van Gogh wa ku Netherlands, uja anadzidula khutu. Anthu amakonda nkhani ya khutuyo, December 1888 mu tauni ya Arles ku France, koma saiuza nkhani yonse. Munthuyu anaganiza zokhala wojambula ali ndi zaka 27, msinkhu wanu womwewu, ndipo anatha zaka akuphunzira, kujambula manja a alimi, nsapato zakutha, mbatata, kubwereza chinthu chimodzi kangapo mpaka dzanja lizolowere. M'zaka pafupifupi 10 anajambula zithunzi za penti zoposa 800, munthu wotero ndi wolimbikira ngati mlimi, si wongodikira mzimu umugwere. Mu May 1889 anapita yekha kukagonekedwa ku chipatala cha odwala misala ku Saint-Rémy, anakhalako chaka ndipo anajambulako zithunzi pafupifupi 150, kuphatikizapo chotchuka chija cha nyenyezi zozungulira usiku. Koma mukawerenga makalata amene ankalembera mng'ono wake Theo muona kuti matenda akamugwira sankajambula n'komwe, milungu inkatha ali mbuu, ndipo ankachita mantha kuti abweranso liti. Ankajambula pakati, mutu ukayera. Anamwalira mu July 1890 ali ndi zaka 37 zokha, ndipo ambiri amavomereza kuti anadzipha. Ine ndikaona zithunzi zake sindinena kuti zikomo matenda, ndimawerengera zaka 30 kapena 40 za ntchito zimene matendawo anatilanda.

Pali wina wa ku Norway, Edvard Munch, amene nkhani yake ikufananako ndi yanu. Mayi ake anamwalira ndi TB mu 1868 iye ali kamwana ka zaka zisanu, kenako mu 1877 mchemwali wake Sophie anapitanso ndi nthenda yomweyo, ndipo moyo wake wonse ankabwerera ku chipinda cha wodwala chija m'zithunzi zake. Nayenso ankaopa kuti mavuto ake akachoka luso lichoka nawo. Mu 1908 zinthu zitafika poipa, mowa nawonso utamulowerera, anakagonekedwa pa kiliniki ina ku Copenhagen kwa miyezi ingapo. Atatuluka anachepetsa mowa, anajambula zithunzi zikuluzikulu za m'holo ya yunivesite ku Oslo, ndipo anagwira ntchito mpaka anamwalira mu 1944 ali ndi zaka 80. Ndinene chilungamo, alipo odziwa za zithunzi amene amati zakale zija zinali zoluma kuposa zimene anajambula atatuluka m'chipatala. Mwina n'zoona. Mitundu inawala, mdima unachepa, munthu anasintha. Nanunso mukakhazikika nyimbo zanu zikhoza kusintha kamvekedwe, zimenezo sindingakubisireni, koma kusintha si kutha. Ku Japan kulinso gogo wina, Yayoi Kusama, wojambula timadontho uja, amene kuyambira 1977 anasankha yekha kukhala m'chipatala cha odwala maganizo ku Tokyo n'kumapita ku situdiyo yake pafupi pomwepo kukagwira ntchito, ndipo kutchuka kwake kwakukulu kwabwera ali pa chithandizo.

Tisapite kutali kwambiri, tibwere kwathu konkuno. A Jack Mapanje, mlakatuli wotchuka uja, kwawo ndi kuno ku Mangochi, anabadwa mu 1944 m'mudzi wa Kadango. Anamangidwa mu 1987 popanda mlandu n'kukatsekeredwa ku Mikuyu mpaka 1991. Awo sanali matenda ayi, anali mazunzo ochita kupatsidwa ndi anthu, ndipo zimene analemba za kundendeko dziko lonse linawerenga. Koma funsani, kodi ndende ndi imene inawapanga kukhala mlakatuli? Buku lawo loyamba la ndakatulo linatuluka mu 1981, zaka zisanu ndi chimodzi asanamangidwe, ndipo ankaphunzitsa kale ku Chancellor College. Ku Mikuyu kunadutsa anthu ambirimbiri amene anazunzika chimodzimodzi kapena kuposa, ambiri sanalembe kalikonse, ena anatuluka osweka osadzukanso. Ndendeyo inawapatsa nkhani, cholembera m'mutu anali nacho kale. Ndipo palibe munthu wanzeru angapemphe kuti amutsekere ku Mikuyu kuti alembe bwino.

Ndiye nyimbo zanu za mayi zija zinakoma chifukwa chani? Ine ndikuganiza chonchi. Munthu akaferedwa amasiya kunamizira. Mawu okongoletsa aja, oti anthu andione kuti ndimatha, amagwa okha, chimatsala ndi chimene chili pamtima basi, ndipo omvera amazindikira msanga mawu oona. Chachiwiri, chisoni chimapangitsa munthu kuyang'anitsitsa tinthu timene kale ankangotidutsa, chitenje chotsala pa chingwe, mtondo umene palibe akusinjamo, fungo la utsi wa pamoto pawo. Agogo athu ankazidziwa zimenezi asanabwere madokotala, n'chifukwa chake kunali nyimbo za pamtondo, mayi akazunzika m'banja sankapita kwa kansala, ankatenga musi n'kuyamba kuimba dandaulo lake anzake n'kumavomera, mudzi wonse n'kumva kuti uko sikuli bwino. Nyimbo za pamaliro ndi chimodzimodzi, kumpoto kulinso vimbuza kumene ng'oma ndi gule ndiye mankhwala a munthu wovutika mumtima. Ndiye kusandutsa ululu kukhala nyimbo ndi chikhalidwe chathu, musachite nacho manyazi. Koma taonani, mayi wa pamtondo uja amaimba ali chilili, manja ali ndi mphamvu yokweza musi. Akagona m'nyumba mwezi wathunthu osasamba, pamtondo pamakhala zii.

Inu ndinu mwana wa kunyanja ndiye mumva msanga ichi. Mwera ukamaomba miyezi ya June, July mpaka August, umavundula nyanja, madzi ozizira a pansi amakwera pamwamba ndi chakudya chake, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mbali yathu ino ya kum'mwera ili ndi nsomba zambiri chonchi. Ndiye mwera uli ndi phindu lake. Koma ndi msodzi uti amaponya chilimira mwera uli pakati? Onse amakokera mabwato kumtunda n'kumasoka maukonde, kudikira bata. Amene amachita makani timakawafuna ndi maboti patapita masiku. Chisoni cha mayi chinavundula za pansi pa mtima wanu, zinakwera, zilipo, sizibwereranso pansi chifukwa mwamwa mankhwala. Koma kuti muzikole pamafunika bata.

Tsopano za matendawo. Sindingakuuzeni nthenda yanu pa foni, ndipo wina aliyense amene angatero musamukhulupirire. Koma zomwe mwafotokozazi, masiku osagona koma osatopa, maganizo akuthamanga, kudzimva wamkulu kuposa onse, kenako n'kugwera m'dzenje kwa milungu, zikufanana kwambiri ndi bipolar, ndipo izi zapitirira chisoni wamba. Kulira maliro si matenda, koma imfa ya munthu wapamtima ikhoza kudzutsa nthenda imene inali chigonere m'magazi, ndipo nthendayi imakonda kuyamba pa msinkhu wa unyamata womwewu. Si ufiti, si chilango, bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni padziko lonse anali nayo. Kuchipatala ayeneranso kuona zinthu zina zimene zimatha kusokoneza mutu mofananamo, monga kachilombo ka HIV, chindoko chokhalitsa, khunyu, vuto la chithokomiro, ndi mankhwala ena amene munthu akumwa, ndiye akati tiyeze magazi musadabwe.

Choopsa cha nthendayi n'chakuti mbali yokwera ija imakoma. Palibe amabwera kuchipatala kudzadandaula kuti ndikusangalala kwambiri. Masiku awiri oyambirira zinthu zimayendadi, mawu amagwirizana okha, mitundu imaoneka yowala, manyazi amachoka, ndipo apa m'pamene pali kachoonadi ka zimene anzanu akunena. Koma sizimaima pamenepo. Tsiku lachinayi maganizo amathamanga kuposa dzanja, mumayamba chithunzi ichi musanamalize icho, wina akakuyankhulani mumapsa mtima, ndalama ya penti mumagawa pa bala. Ndikupemphani muchite kafukufuku wanuwanu, inu nokha, osauza anzanuwo. Tulutsani zithunzi zonse ndi nyimbo zonse za zaka zitatuzi, muziike m'magulu atatu, za masiku osagona, za masiku a m'dzenje, ndi za masiku wamba. Kenako muwerenge kuti zomalizidwa ndi zingati gulu lililonse, zogulidwa ndi zingati, ndipo zimene mungaonetse lero osachita manyazi ndi zingati. Ndachitapo zimenezi ndi anthu angapo. Bambo wina wosema, sinditchula kwawo, ankalumbira kuti ziboliboli zake zapamwamba anasema atakwera, titayala pa mkeka tinapeza mitengo khumi ndi umodzi yoyambidwa n'kusiyidwa, ina yong'aluka chifukwa ankamenya sompho mwaphuma, ndipo zimene anagulitsa mtengo wabwino zonse anamaliza m'miyezi imene iye ankaitcha yoboowa. Anaseka mpaka misozi. Maganizo a chosemacho mwina anabweradi usiku wosagona uja, sindikana, koma anachimaliza ndi munthu wogona tulo.

Simunatchule chamba kapena mowa m'kalata yanu, koma ndakhala nthawi yaitali kunyanja kuno ndipo ndikudziwa zimene zimazungulira madzulo kumene anyamata ojambula ndi oimba amakhala. Ngati sizikukukhudzani dumphani ndimeyi. Ngati zikukukhudzani, dziwani kuti kwa munthu wa mutu ngati wanu chamba si chimodzimodzi ndi kwa mnzanu amene amasuta n'kukagona bwinobwino. Chimatha kudzutsa kukwera kuja, chimatha kubweretsa mawu omveka m'makutu ndi kukayikira anthu, ndipo chimapangitsa kuti matenda azibwerera pafupipafupi. Kachasu ndi timabotolo totchipa tija timazamitsa dzenje. Mukapita kuchipatala nenani zoona, ife si apolisi.

Tibwere pa mankhwala, pamene pagona nkhani yanu yeniyeni. Kukhala ngati chipika, manja kunjenjemera, tulo tosatha, sizongoganizira ayi. Mankhwala amene timakhala nawo kawirikawiri m'zipatala za boma ndi akalekale, chlorpromazine amagonetsa kwambiri, haloperidol amaumitsa thupi n'kunjenjemeretsa manja, ndipo munthu akabwera atakwera kwambiri timayamba ndi dozi yaikulu kuti agone kaye, imeneyo si dozi yoti akhale nayo moyo wonse. Vuto limakhala loti munthu sabwereranso kudzaunikidwa, kapena amabwera koma mzere ndi wautali, wachipatala ali yekha, amangolemba zomwezo m'buku la kuchipatala n'kuitana wina. Inenso ndinalakwitsapo chonchi zaka zoyambirira, ndinkasangalala kuti wodwala wasiya kusokosa osamufunsa kuti kodi ntchito yanu mukutha kugwira? Kwa mlimi kunjenjemera pang'ono mwina n'kopiririka, kwa munthu wogwira bulashi ndi kulandidwa khasu. Ndiye mukapitanso, chiganizo chanu choyamba chikhale chakuti ine ndimadya za manja angawa, mankhwala aja anandinjenjemeretsa ndiye ndinasiya. Osachita manyazi, safunsa anadya phula. Pali zambiri zimene zingachitike: kutsitsa dozi, kusamutsira mankhwala onse usiku kuti masana mutu uziyera, kuonjezera ka benzhexol kochepetsa kuuma ndi kunjenjemera, kapena kusintha n'kupita ku mankhwala okhazikitsa maganizo monga sodium valproate kapena carbamazepine, kapenanso atsopanoko monga risperidone akapezeka. Onsewa ali ndi zovuta zawo, palibe a mwana alirenji, koma thupi lililonse limakhala ndi amene limagwirizana nawo ndipo kuwapeza kumatenga miyezi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za funso lanu lenileni, loti kodi mankhwala amapha luso, alipo anafufuzapo ndithu. Dokotala wa ku Denmark, Mogens Schou, mu 1979 anafunsa anthu aluso 24 odwala bipolar amene ankamwa mankhwala okhazikitsa maganizo otchedwa lithium. Mwa iwo 12 anati ntchito yawo inachuluka, 6 anati sizinasinthe, 6 anati inatsika. Ndakupatsani nambala zonse dala, kuphatikizapo 6 omalizawo, kuti musadzati adokotala anandibisira. Ndi anthu ochepa, komabe atatu mwa anayi alionse sanataye kanthu, theka linapindula. Lithium ameneyu kuno sitimugwiritsa ntchito kwambiri chifukwa amafuna kuyeza magazi pafupipafupi poteteza impso, koma phunziro lake ndi lomwelo. Komanso pali kena koti mukadziwe, kuzirala kumene anthu amakunamizira mankhwala nthawi zina ndi dipuleshoni imene imatsatira kukwera kuja, ikanabwerabe ngakhale osamwa kanthu. Ndiponso munthu amene wazolowera liwiro la 120, ukamubweza pa 60 amaona ngati galimoto yaima.

Zinthu ziwiri zoti musamale nazo. Mukapita kuchipatala muli m'dzenje n'kungonena za kusasangalala kokha, osatchula masiku osagona aja, akhoza kukupatsani mankhwala a dipuleshoni monga amitriptyline kapena fluoxetine paokha, ndipo kwa munthu wa bipolar amenewa paokha amatha kumuponya m'mwamba. Nenani mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake ndikufuna mupite ndi achemwali anuwo, iwo anaona zimene inu simukukumbuka. Ndipo alongo anga amene mukuwerenga nawo, sodium valproate ndi woopsa kwa mwana wa m'mimba, carbamazepine nayenso ali ndi chiopsezo ndipo amafooketsa njira zina zakulera, ndiye ngati muli pa msinkhu wobereka kambiranani ndi achipatala poyera. Chachiwiri, mukayambanso musadzasiye mwadzidzidzi mukaona kuti mwapeza bwino, apo m'pamene ambiri amagwera.

Kunja kwa mapiritsi, chida chanu chachikulu ndi tulo. Kwa munthu wa bipolar kusagona si chizindikiro chokha, ndi machesinso oyatsira motowo, usiku umodzi kapena awiri ochezera ukhoza kuyambitsa zonse. Ndikudziwa kuti moyo wa oimba ndi wausiku, mashowo a m'malo ogona alendo amatha mbandakucha, ndiye sankhani, showo imodzi pa sabata mugone masana ake, osati zitatu zotsatizana. Jambulani m'mawa kuwala kuli bwino, ikani ola lotsukira mabulashi ndipo likakwana tsukani ngakhale chithunzi chikukuitanani. Nyimbo ikabwera usiku ijambuleni pa foni mphindi ziwiri n'kugona, mawa muipeza, ikakhala yabwino idzakhalabe yabwino dzuwa litatuluka. Gulani kakope ka 40 peji muzilemba tsiku lililonse maola amene mwagona ndi mmene mtima ulili, pakatha miyezi itatu muyamba kuuona mwera wanu usanafike. Muwauze achemwali kuti akaona mwagona maola osakwana anayi masiku awiri otsatizana, kapena mwayamba kuyankhula osapumira, ali ndi chilolezo chanu chokutengerani kuchipatala ngakhale mukane, mugwirizane zimenezi panopa mutu uli bwino.

Za mayi pitirizani kuimba, sindikuletsani, kulemba kapena kuimba za chimene chikupweteka kumathandiza anthu ambiri. Koma muzidziyang'anira, pali kuimba kumene ukamaliza umapuma mpweya wautali n'kumva njala, ndiye pali kwina kongokanda chilonda chomwecho usiku ndi usiku, ukamaliza uli pansi kuposa poyamba. Kukakhala kwachiwiriku siyani kaye gitala mupeze munthu woyankhula naye, malume anu, abusa kapena ashehe, kapena mlangizi wa kuchipatala. Mapemphero ine sindilimbana nawo, odwala anga ambiri amalimba nawo mtima, chimene ndimakana ndi munthu wokuuzani kuti tayani mankhwala kuti muonetse chikhulupiriro. Ndipo mudzayese tsiku lina kujambula mayi anu akuseka, kapena akukalipa pamsika, anali ndi moyo zaka zambiri asanadwale ndipo zimenezonso ndi zanu.

Pali nthawi zosadikira tsiku la kiliniki. Mukayamba kuganiza kuti bola kufa, kapena kuti mukawatsatire mayi, makamaka mukayamba kuganizira njira yake, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo, musakhale nokha, achemwali achotse m'nyumba mankhwala a makoswe, a mbewu ndi mapiritsi osungidwa, ndipo musakwere bwato nokha. Chimodzimodzi mukatha masiku atatu osagona, mukayamba kumva mawu amene ena sakumva, kukhulupirira kuti anthu akukusakani, kapena kusiya kudya ndi kumwa. Maganizo ofuna kufa ndi chizindikiro cha matenda ngati mmene kutentha thupi kulili pa malungo, amabwera n'kupita, ndipo anthu ambiri amene ndinawaona ali pamenepo lero akulera ana awo.

Poyambira ndi pafupi pomwepo, chipatala cha Monkey Bay, kapena mukwere mpaka pa boma ku Mangochi District Hospital mukafunse namwino kapena kiliniko ofesa woona za matenda a m'maganizo. Zikafuna akatswiri oposa apo ndi iwo amene amatumiza ku Zomba Mental Hospital, ndipo dzina limenelo lisakuopseni, anthu ambiri a nthenda ngati yanu amathandizidwa akuchokera kunyumba osagonekedwa n'komwe. Kulinso a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kwa amene angakwanitse ulendo. Tengani buku lanu la kuchipatala lija kuti aone mankhwala amene anakunjenjemeretsani, tengani achemwali, ndipo munyamulenso chithunzi chimodzi chimene mumachinyadira, muchiike pa tebulo pomwepo wachipatalayo aone manja amene akuwalembera mankhwala. Mukatha miyezi itatu mundilemberenso, ndikufuna ndimve kuti magulu atatu aja anatuluka bwanji.